Kodi mbusa wa Baptist azikhala chete pa nkhani za dziko?

Mayi wina wa ku Zolozolo wandilembera pa imelo. Akuti amapemphera ku Baptist, ndipo tsiku lina abusa awo polalikira anakhudza za kukwera mtengo kwa chimanga ndi kusowa kwa mankhwala m'zipatala. Akulu ena a mpingo sizinawasangalatse, amvekere a Baptist salowerera zandale. Mayiwa akufunsa ngati zimenezi n'zoona, komanso ngati mpingo wawo uli ndi mbiri kuno kumpoto, poti anzawo amawanena kuti ndi obwera dzulo.

Amayi, ndiyambe ndi za kubwera dzulozo. A Livingstonia anafikadi kale kuno: ku Bandawe mu 1881, ku Khondowe mu 1894. Amishoni a Southern Baptist, omwe ntchito yawo inabala Baptist Convention of Malawi, anafika m'dziko muno mu 1959. Koma a Baptist oyamba si iwowo. Joseph Booth anafika mu 1892, nayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, kufupi ndi Blantyre. Munthuyu sankagwirizana ndi azungu anzake chifukwa ankanena poyera kuti Africa ndi ya Aafrika.

Mnyamata amene ankamugwirira ntchito, John Chilembwe, anapita naye ku America mu 1897, nakaphunzira zaubusa ku Lynchburg. Atabwerako mu 1900 anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mothandizidwa ndi National Baptist Convention ya anthu akuda a ku America. Nkhope imene mumaiona pa ndalama mukamagula tomato ku Zigwagwa ndi ya mbusa wa Baptist ameneyu. Ankadandaula za thangata, ndipo chakumapeto kwa 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene osauka a kuno ankafera pa nkhondo ya azungu. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, magazi anakhetsedwa ku Magomero, iyenso anaphedwa pa 3 Febuluwale. Sindikuuzani kuti njira ya lupanga inali yabwino. Ndikungoti amene akunena kuti a Baptist akhala ali chete chiyambire sakuidziwa mbiri ya mpingo wawo womwe.

Kumpoto kuno tili ndi wathu amene amaiwalika kwambiri, ndipo zimandipweteka. Charles Domingo anakulira m'manja mwa Dr Robert Laws, anaphunzira zaubusa ku Livingstonia, koma anachoka ataona kuti udindo ukungochedwetsedwa kwa munthu wakuda. Cha m'ma 1910 anali kutsogolera mipingo ndi masukulu a Seventh Day Baptist m'boma la Mzimba, popanda mzungu womuyang'anira, ndalama zili zoperewera. M'makalata ake ankadzudzula kuti boma, makampani ndi amishoni agwirizana kuyang'ana munthu wakuda monyoza. Za Chilembwe zitachitika, atsamunda anamuchotsa ku Mzimba. Nthawi imeneyo mzinda wa Mzuzu kunalibe.

Nanga mawu a akulu ampingowo akuchokera kuti? A Baptist amaphunzitsadi kuti mpingo ndi boma zisiyane. Chiphunzitsochi chinabadwa ku England, kumene mfumu inkalamula mmene anthu azipempherera, ndipo okana ankaponyedwa m'ndende. Cholinga chinali chakuti boma lisalamule chikumbumtima cha munthu, komanso mpingo usadye za boma. Kutseka mbusa pakamwa akaona nkhosa zake zikugona ndi njala sikunali m'menemo.

Ife a ku Mzuzu tinaona ndi maso athu phindu la atsogoleri a mpingo olimba mtima. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo Monsignor John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko. Abusa Aaron Longwe a CCAP anamangidwa chaka chomwecho. Kenako kunabadwa Public Affairs Committee, yophatikiza Akhristu ndi Asilamu, ndipo pa 14 Juni 1993 tinavota pa referendamu.

Pali pamene ndingagwirizane nawo akuluwo. Wandale akafika pa pepa sande, n'kupatsidwa mpando wakutsogolo, n'kusiya envulopu yonenepa, kenako mbusa n'kuyamba kuuza anthu woti amuvotere, pamenepo mpingo wagulidwa. Zimenezo ndimadana nazo, kaya chipani chake n'chiti. Koma m'kalata yanu simunatchule kuti abusa anu anatamanda chipani. Ananena za chimanga ndi mankhwala.

Ku Baptist nkhani zimagamulidwa ndi mpingo wapamalo, ndipo inu monga membala muli ndi mawu. Pa msonkhano wotsatira pemphani kuti mugwirizane zinthu ziwiri: ngati wandale aziloledwa kulankhula paguwa, ndiponso ngati mpingo uzilandira ndalama zake nthawi ya kampeni. Zimene mugwirizanezo zilembedwe m'buku la mpingo.