Anapenta nkhope zonyansa mwadala

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji ojambula ena amapenta anthu a nkhope zopindika ndi mimba zotupa m'malo mojambula zokongola, komanso kuti zikukhudzana bwanji ndi ndalama. Zikukhudzana kwambiri, ndipo amachita dala.

Ku Germany nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, boma linkangosindikiza ndalama mpaka zinasanduka mapepala wamba. Pofika November 1923 dola imodzi inkasinthidwa ndi mamaki (ndalama za ku Germany) 4.2 thiriliyoni, ndipo anthu ankapita kukagula buledi ndalama zili pa wilibala. Abale athu a ku Zimbabwe amene anagwirapo ndalama ya 100 thiriliyoni mu 2009 akudziwa ululu wake. Amene anasunga ndalama moyo wawo wonse anatsala manja lende, pamene eni mafakitale ngongole zawo zinangosungunuka.

Ndiye tapezani chithunzi chimene wojambula wa ku Germany George Grosz anapenta mu 1926 chotchedwa Sonnenfinsternis, kutanthauza kadamsana. Nduna zakhala mozungulira tebulo, zavala bwinobwino, koma zilibe mitu. Pulezidenti wa Germany wa nthawi imeneyo, Hindenburg, ali pamenepo ndi mamendulo ake, lupanga lamagazi lili patebulo, ndipo mpondamatiki wa chipewa chachitali, zida zankhondo zili kukhwapa, akumunong'oneza m'khutu. Bulu wotsekedwa m'mbali mwa maso, amene ambiri amati akuimira anthu wamba, waima patebulo pomwepo. Kumwamba dzuwa laphimbidwa ndi chizindikiro cha dola. Mukanajambula nduna zimenezi zili ndi mitu komanso zikumwetulira, mukananena bodza.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi chithunzi cha wogulitsa machesi chimene wojambula wina wa ku Germany, Otto Dix, anapenta mu 1920. Msilikali wakhungu, wopanda manja, miyendo yodukira, wakhala m'mbali mwa msewu kabokosi ka machesi kali pamiyendo. Anthu ovala zodula akumulambalala mofulumira, timangoona miyendo yawo. Kagalu kakumukodzera. Dix anamenya nawo nkhondoyo, ankadziwa anzake amene anabwerako chonchi n'kutayidwa.

Akuluakulu anamva kuyabwa. Grosz anazengedwa milandu kangapo chifukwa cha zojambula zake, ndipo mu 1933 anasamukira ku America. Chaka chomwecho Dix anachotsedwa ntchito yophunzitsa ku Dresden, ndipo mu 1937 a chipani cha Nazi anapachika zithunzi za awiriwa ku Munich pachionetsero chofuna kuti anthu aziziseka.