Pickup yatsopano, gitala ikulira ngati njuchi

Lachiwiri ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Chilenje. Akuti anagulira gitala yake humbucker yatsopano, mtundu wa pickup wokhala ndi makoilo awiri. Pickup ndi kachipangizo kokhala pansi pa nsambo, kotola mawu n'kuwatumiza ku ampu. Yakale inali ndi mawaya awiri, iyi ili ndi asanu. Analumikiza motsanzira vidiyo ya pa YouTube, ndiye pano ampu ikungoti ng'wiii. Akufunsa ngati anamugulitsa yabodza.

Ndinaseka ndekhandekha m'minibasi mpaka kondakitala anandicheukira, chifukwa zimenezi zinandionekerapo ineyo.

Gitala yanga yoyamba inali ya pasalaula, yooneka ngati Stratocaster koma yopanda dzina lodziwika, humbucker ku bridge (kumene nsambo zimamangirira pathupi la gitala) ndi ma single coil awiri, ma pickup a koilo imodzi. Ndinkaimbira kwaya ya achinyamata ku Matero. Ndinasunga tindalama miyezi ingapo, msuweni wanga pobwera kuchoka ku Johannesburg n'kundigulira humbucker ya kampani ya Seymour Duncan. Inafika Lachisanu, ukwati woti tikaimbe uli mawa lake. Munthu wanzeru akanadikira Lolemba. Ine malaiti atangobwera usiku ndinayala thaulo pathebulo, kumasula nsambo, kutembenuza pickguard, chipulasitiki chimene ma pickup amakhalapo.

Maganizo anga anali akuti pa zamagetsi wofiira ndiye wamoto, wakuda ndi earth. Ndinawotcherera choncho. Woyera ndi wobiriwira ndinangowapinda n'kuwasiya lende. Kuyatsa ampu, kukhwatcha nsambo: zii. Phokoso lokhalokha. Ndinachotsa, kubwezera, kuchotsanso. Ka soldering iron kanga kanali ka 25 watts, solder sinkasungunuka pamsana pa volume pot, kachitsulo kokhala kuseri kwa batani lokwezera mawu, ndiye ndinkangokanikiza pompo mpaka chipinda chonse chinanunkha pulasitiki. Pot inapsa m'kati. Thukuta kamukamu, nthawi ili 2 koloko.

M'mawa ndinathamangira kwa amalume, omwe akhala akukonza mawailesi kuyambira ine ndisanabadwe. Mitundu ya mawaya sanaiyang'ane n'komwe. Anatenga mita yawo yoyezera magetsi (multimeter) yomangidwa ndi tepi, kugunditsa wakuda ndi woyera, inawerenga 8k, ndiye kuti ma ohm 8,000. Wofiira ndi wobiriwira, chapompo. Wofiira ndi wakuda, palibe kanthu.

"Mphwanga," anatero, "muno muli makoilo awiri. Iwe wagwira mwendo wa uyu ndi mwendo wa uyo, pakati sunaikepo mlatho. Mawu awoloka bwanji?"

Mphindi khumi anali atamaliza, pot anachotsa m'kabokosi kawo ka zakale. Sanandilipiritse, koma nkhaniyo amaifotokozabe pamaliro paliponse tikakumana.

Tsono ndimvereni, m'bale wanga. Mitundu ya mawaya a pickup si lamulo, kampani iliyonse ili ndi yake. Kwa Seymour Duncan wamoto ndi wakuda, wofiira ndi woyera mumawaphatikiza n'kuwamata tepi, wobiriwira ndi waya wachisanu, wopanda chikopa, amapita ku earth. Kwa DiMarzio wamoto ndi wofiira, ophatikiza ndi wakuda ndi woyera. Gibson nayenso wamoto ndi wofiira, koma ophatikiza ndi wobiriwira ndi woyera, earth ndi wakuda. Mnyamata wa mu vidiyo uja ananena zoona za pickup yake, osati yanu. Nanga zopanda dzina zimene timaitanitsa pa intaneti? Zimenezo mita yokha ndiyo ingakuuzeni. Ndipo ndinene mosabisa: amene alibe multimeter asatsegule gitala. Mita ndi yotchipa kuposa pickup imene mukufuna kuiwononga.

Chimandinyansa china n'chakuti tikangomva phokoso timathamangira kunena kuti katundu ndi wabodza. Humbucker anaipangira kupha phokoso lomwelo. Seth Lover wa ku Gibson anailembetsa mu 1955, mu 1957 inayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul. Makoilo awiri aja amatola mng'ung'udzo wa magetsi, kuno kwathu wa 50 Hz, moti wa koilo imodzi umafafaniza wa inzake, mawu a nsambo n'kutsala. Ikang'ung'udza ndiye kuti penapake pasokonekera, ndipo kawirikawiri ndi earth.

Earth yomweyo m'makomboni mwathu ndi nkhani. Nyumba zina za lendi soketi ili ndi mabowo atatu koma lachitatulo kumbuyo kulibe waya. Ena amathyola dala phini la earth kuti pulagi ilowe mu adapta. Kenako woimba akagunditsa mlomo pa maikolofoni atagwira nsambo, zimamuluma, anthu n'kumaseka. Si zoseketsa zimenezo, anthu amafa nazo. Pickup ya mtengo wanji singakonze zimenezo.

Kunena zoona ambiri a ife pickup yatsopano sitikuifuna n'komwe. Nsambo zachita dzimbiri, pickup yatsika pansi, chingwe cha ku ampu chinapondedwa ndi benchi. Akuluakulu a Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia za m'ma 1970, ankaimba ndi zida zimene zapezeka, mpaka lero azungu akusakasaka malekodi awo. Koma poti mwagula kale, tiyeni.

Chitani izi

Ikani mita pa 20k, pezani mawaya awiriawiri amene akuwerengana, amenewo ndiwo makoilo anu. Tsatirani pepala la kampani imene inapanga pickup yanuyo. Mukaphatikiza awiri oyenera kuphatikiza aja, muyeze awiri otsalawo: nambala ikhale ya makoilo onse pamodzi, zambiri zimagwa pakati pa 7k ndi 16k. Wamoto ku switch, wa earth ndi wopanda chikopa pamsana pa pot. Palani pamsanapo kaye, gwiritsani iron ya 40 watts, musachedwepo. Humbucker imakonda pot ya 500k, ya 250k imaidetsa mawu. Musanamange nsambo, lumikizani ku ampu n'kugogoda maginito ndi sikuludiraiva, pamveke thi thi.

Phokoso likamachepa mukagwira nsambo, earth ya ku bridge ili bwino. Likapanda kusintha, kawaya kopita ku bridge kaduka. Likamakula, mwatembenuza mawaya a pa jack, polowera chingwe cha ku ampu. Mawu akaonda ngati a kawailesi pamene ma pickup awiri akuimbira limodzi, sinthanitsani wamoto ndi wa earth, koma wopanda chikopa uja asachoke pa pot.

Mukayeza munditumizire manambalawo ndi chithunzi cha m'kati, chojambula masana.