Kodi Ndiyenera Kudziwa Kulemba Mapulogalamu Kuti Nditeteze Database?

FUNSO: Ndimayang'anira sukulu yomwe si yaboma, ndipo mnyamata wina anatikonzera pulogalamu ya pa intaneti yosungiramo mayina a ana, ndalama za fizi ndi zotsatira za mayeso. Ndamva kuti akuba amatha kulowa m'database, nkhokwe yomwe pulogalamuyo imasungiramo zonsezi, koma ine sindinaphunzire kulemba mapulogalamu. Kodi ndingathe kuiteteza ndekha? — Mphunzitsi wamkulu, Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, pali mbali imodzi yomwe imafunadi luso lolemba mapulogalamu, ngakhale kuti lusolo siliyenera kukhala lanu.

Pulogalamu imalankhula ndi database m'chinenero chotchedwa SQL. Munthu akalemba dzina ndi mawu achinsinsi m'timabokosi tolowera, pulogalamu imapanga funso n'kulitumiza ku database. Ngati wokonzayo anangolumikiza mawu olembedwawo ku funsolo mmene alili, wakuba amalemba ' OR '1'='1 pamalo pa mawu achinsinsi, zomwe zimasintha funsolo kukhala lakuti "kodi mawu achinsinsi ndi olondola, kapena 1 akufanana ndi 1?", ndipo popeza 1 amafanana ndi 1 nthawi zonse, database imavomera n'kumutsegulira. Njira imeneyi, yotchedwa SQL injection, inafotokozedwa poyera mu 1998, komabe mu 2015 akuba anaigwiritsa ntchito potenga zinsinsi za makasitomala pafupifupi 157,000 a kampani ya TalkTalk ku Britain, yomwe inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000.

Bowo limeneli lili m'kati mwa pulogalamu momwemo, choncho antivayirasi sangalitseke. Limatsekedwa ndi prepared statements, njira yomwe imatumiza funso padera ndi mawu a munthu padera, kuti database isatenge mawuwo ngati lamulo. Angachite zimenezi ndi yekhayo wotha kuwerenga ndi kusintha pulogalamuyo.

Muitaneni mnyamatayo ndipo mumufunse ngati mafunso onse opita ku database akudzera m'njira imeneyi. Akayankha kuti iye amangosefa zizindikiro zoopsa, musakhutire, chifukwa sefa wotere akuba amamuzemba kawirikawiri. Mumuuzenso kuti akaunti yomwe pulogalamu imalowera m'database isapatsidwe mphamvu zofufuta chilichonse, ndipo ngati thumba lilola, pezani katswiri wina kuti aunike ntchitoyo, pakuti mlembi saona msanga zolakwa zake.

Zotsalazo zili m'manja mwanu: aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, mphunzitsi akasiya ntchito akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo, ndipo kope la database lizisungidwa sabata iliyonse pamalo ena osati pa kompyuta yomweyo.