Mukufuna kuthandiza mabanja a asilikali? Yambani ndi khomo limodzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25, mphunzitsi wopuma pantchito. Anandilola kuyankha poyera bola ndisatchule dzina lawo, ndiye ndingowatcha aNaPhiri. Kalata yawo ndi yaitali, koma pamene pagona nkhani ndi apa:

"Chimvereni za asilikali athu atatu amene anaphedwa ku Congo mu Januwale 2025, mtima wanga sunakhazikike. Ine ndi anzanga asanu a Chigwirizano tikufuna kudzipereka kuthandiza asilikali ndi mabanja awo. Ndalama tilibe zambiri koma nthawi tili nayo. Kodi tiyambitse bungwe? Tipite kwa ndani? Nanga atilandira, poti ndife anthu wamba?"

ANaPhiri, zikomo pondikhulupirira. Ine si mneneri wa asilikali ayi. Ndikuyankhani monga mlongo wa msilikali, chifukwa achimwene anga anavala yunifomu zaka zambiri, ndipo ku Congoko anapitako.

Za bungwe ndiyankhiretu kuti ayi, osati pano. Kulembetsa bungwe kumafuna malamulo olembedwa, matrasti, akaunti ya kubanki, kenako maulendo a ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, ndipo paliponse pali kandalama kolipira. Ndaonapo magulu akutha chaka chathunthu akukangana za mtundu wa nsalu ndi woti akhale msungichuma, asanagogode pakhomo la wamasiye ngakhale mmodzi. Inu gulu muli nalo kale, lili ndi abusa, lili ndi dzina lodziwika. Yambirani pomwepo.

Ndikuuzeni manyazi amene ndinachita ine, mwina mungawazembe. Achimwene atanyamuka ulendo wawo, ndinamema amayi anzanga kutchalitchi. Tinasonkha shuga, sopo, mchere ndi bandulo ya kaunjika, n'kuchita hayala kagalimoto, ulendo wa kukampu. Tinafika pageti tikuimba. Kamnyamata kamene kanali pageti kanatipatsa ulemu wonse, kenako kanafunsa funso limodzi lokha: "Amayi, mwabwera kwa ndani?" Tinangoyang'anana. Dzina tinalibe, kalata tinalibe. Tinabwerera nyimbo itazima. Katundu uja ndinakamusiya kwa mlamu wanga, amene nthawi imeneyo ankachita lendi kunja kwa kampu. Anayang'ana matumbawo, anaseka mpaka kugwira chitseko, kenako nkhope inasintha. Anati, "Alamu, achimwene anu ali kuntchito, sanamwalire. Malipiro akulowa. Ine chimene ndikusowa ndi munthu woti akhale ndi ana awiriwa Lachinayi, ndipite ndi wakhandayu kusikelo osathamanga." Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri tsiku limenelo.

Kampu ya asilikali si malo ongolowa chifukwa uli ndi mtima wabwino. Kuno kwathu ku Kamuzu Barracks ndiko kulinso likulu la Malawi Defence Force, ndiye chitetezo chake si chamasewera. Chimodzimodzi ku Cobbe ku Zomba, ku Moyale ku Mzuzu, kusukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima. Ngati mukufunadi kugwira ntchito m'kati, abusa anu alembe kalata kwa mkulu wa kampuyo, yonena kuti ndinu ndani, mulipo angati, mukufuna kuchita chiyani. Khomo lofewa kwa anthu a mpingo ngati inu ndi la abusa kapena ansembe a asilikali. Iwo ndi amene amadziwa nyumba imene muli misozi, ndipo amadziwanso nyumba imene safuna alendo. Akazi a asilikali nawonso ali ndi magulu awo ndi atsogoleri awo, amene akhala akuthandizana inu ndi ine tisanaganize n'komwe. Mukalowe ngati manja owonjezera, musakalowe ngati aphunzitsi, ngakhale uphunzitsi ndiwo unali ntchito yanu. Nsalu za chipani zitsale kunyumba, ndipo foni ikhale m'chikwama, osajambula chilichonse.

Koma zoona zake n'zakuti geti limenelo simulifuna kwenikweni. Mabanja ambiri a asilikali tili nawo m'makwalala mwathu momwemu: ku Area 23, ku Chilinde, ku Kawale, kwanu ku 25 komweko. Amayi a msilikali, agogo amene akulera zidzukulu chifukwa mwana wawo wamkazi ndi msilikali ndipo watumizidwa kutali, bambo wopuma usilikali amene amakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi mwanu. Funsani alembi a mpingo, mudzadabwa kuti alipo angati.

Katundu wolemera kwambiri m'nyumba ya msilikali amene ali kunja ndi kudikira. Mu Novembala 2018 kunamveka kuti asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi aphedwa kufupi ndi Beni, kum'mawa kwa Congo, polimbana ndi zigawenga za ADF. Chiwerengero chinafika msanga, maina anachedwa. Ndinathamangira kwa mlamu wanga. Ndinamupeza atakhala pakhonde, foni ili pa tchaja chingwe chitadutsa pawindo, nsima ya masana ili chivundikirire m'mbale. Foni ikangoti phethi, ankaitola ndi manja awiri. Pagulu lina la WhatsApp munthu wina anaponya chithunzi cha asilikali atafola, n'kulembapo mawu opepesa maliro, osanena kuti womwalira ndi uti mwa iwo. Achimwene anali pachithunzipo. Usiku umenewo palibe anagona. Mwamwayi kwathu sikunagwe zovuta, koma chimene chinatigwira mtima tsiku limenelo sichinali mawu anzeru a munthu aliyense. Anali mayi wina woyandikana naye nyumba amene anabwera chete, anasambitsa ana, anawadyetsa, n'kupita nawo kukagona kwawo. Sanafunse kuti "mwamvapo chiyani?" ngakhale kamodzi.

Choncho lamulo loyamba la gulu lanu likhale la pakamwa ndi pa foni. Musafalitse nkhani ya imfa kapena kuvulala kwa msilikali akuluakulu ake asanauze banja. Musalembe pa Facebook tsiku limene anyamata akunyamuka kapena malo amene ali, ngakhale mkazi wake atakuuzani mokondwa. Zimene mwaona m'nyumba ya munthu zisasanduke mutu wa pemphero wotchula dzina pamsonkhano wa Lachinayi. Timadziwana ife amayi, miseche ina imavala duku loyera.

Ntchito zenizeni n'zosaoneka bwino pa chithunzi. Inu aNaPhiri muli ndi chuma chimene mabanja awa akuchisowa: mukudziwa kuphunzitsa. Ana a asilikali amasamukasamuka, lero Mzuzu, mawa Zomba, mkuja Lilongwe, nthawi zina pakati pa teremu, ndipo masamu amatsalira m'njira. Kukhala ndi ana anayi a Sitandade 8 masana a Loweruka lililonse mpaka alembe mayeso, osalipiritsa, n'chinthu chimene mayi wawo sadzaiwala. Mnzanu wina akhoza kukhala gadiyani wolandizana naye kuchipatala cha Central mwana akagonekedwa, kuti mayi akasambe ndi kuona ana otsala. Wina woperekeza apongozi okalamba kukatenga mankhwala a shuga. Sankhani chinthu chimodzi chimene mungachite mosadumphitsa kwa chaka, ngakhale mvula igwe, ngakhale minibasi ikwere mtengo. Kubwera kawiri ndi chimwemwe chonse kenako n'kuzimirira kumapweteka ana kuposa kusabwera n'komwe.

Za ndalama samalani. Anthu amaganiza kuti nyumba ya msilikali amene ali ku Congo ikusefukira madola, ndiye achibale amachita mzere, a katapila nawo amanunkhiza. Inu musakhale mzere wina, ndipo musabwereke kapena kubwereketsa. Ngati mwasonkha kangachepe ka fizi ya mwana wamasiye, kalipireni kusukulu konko mubweretse lisiti.

Pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi pa amasiye. Maliro a msilikali amakhala aulemu: bokosi lokutidwa ndi mbendera, lipenga, mfuti zolira kumanda, akuluakulu olankhula. Ena dziko lonse limawadziwa, monga Private Chancy Chitete, mmodzi wa asanu ndi mmodzi aja, amene analowa m'kati mwa zipolopolo kukakoka msilikali wa ku Tanzania wovulala. Mnzakeyo anapulumuka, iye anawomberedwa n'kumwalira, ndipo mu Meyi 2019 mkazi wake anakalandira mendulo ya kulimba mtima ya Captain Mbaye Diagne ku likulu la United Nations ku New York. Koma kaya pali mendulo kaya palibe, pakatha sabata ziwiri matenti amachotsedwa, achibale amabwerera kumudzi, ndipo mayi amatsala ndi ana ndi mapepala. Ngati ankakhala m'nyumba ya kukampu, nthawi imakwana yoti atulukemo, poti nyumbayo ndi ya ntchito. Apa ndiye pofunika anthu ngati inu.

Mapepala amafoola munthu wolira. Pamafunika chiphaso cha imfa cha ku NRB, chitupa cha unzika, umboni wa ukwati, zikalata za kubadwa kwa ana, ndipo chuma cha masiye nthawi zambiri chimadzera kwa Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma chotere, kapena kwa DC. Ndinaperekezapo mayi wina wamasiye ku ofesi ina maulendo anayi. Ulendo woyamba anati bwana ali kumsonkhano, wachiwiri fayilo sikuoneka, wachitatu dzina la mwana linalembedwa mosiyana pa mapepala awiri, chilembo chimodzi chokha. Ntchito yanga inali yaing'ono: kunyamula envelopu ya pulasitiki yokhala ndi mafotokope atatuatatu a pepala lililonse, kulemba m'kope tsiku ndi zimene tauzidwa, ndi kumugulira chimanga chootcha tikamadikira minibasi. Ulendo wachinayi ndinangotsegula kope lija n'kuwerenga mwaulemu zimene anatiuza maulendo atatu apitawo. Fayilo inapezeka.

Dziwaninso kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye ndi mawilo. Achibale a mwamuna akayamba kuwerenga mipando maliro ali m'nyumba, inu musakangane nawo. Perekezani mayiyo ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku Legal Aid Bureau. Ndipo mabanja amene onse ali moyo, alimbikitseni kulemba wilo. Ambiri amaopa kuti n'kudziitanira imfa, koma ndi bwino kukangana ndi mantha amenewo lero kusiyana n'kukangana ndi alamu mawa.

Obwerako amoyo nawonso sabwera onse athunthu. Achimwene atafika tinapha mbuzi, koma usiku wa chaka chatsopano ana ataphulitsa makombola panja, ndinawaona atagwira mphepete mwa tebulo mpaka zala kuyera. Ena tulo timawathawa, ena amalowerera mowa, ena ukali umakula. Si nkhondo yokha imene imachita izi. Asilikali amene ankafukula mitembo m'matope ku Chilobwe nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 anaona zinthu zosati n'kufotokozera ana. Musamufunse munthu kuti "munaphako angati?" Funso limeneli anthu amafunsadi, pamaliro, pa bawo, ngati nthabwala. Inu si madokotala a maganizo, ndipo pemphero lisakuletseni kulozera munthu kuchipatala cha kukampu, kwa abusa a asilikali, kapena ku St John of God, amene ali kuno ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mukaona kuti m'nyumba muli nkhanza, musazikwirire ndi mawu akuti banja n'kupirira.

Pomaliza pali achikulire. Lamulungu lachiwiri la Novembala timawaona pachipilala cha chikumbutso ku Area 18, atavala majekete ndi mamendulo, tonse titabaya kaduwa kofiira ka popi pachifuwa, kukumbukira nkhondo imene inatha pa 11 Novembala 1918, ija makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. A Keyala, ndiye kuti King's African Rifles, amene anakamenya ku Burma pa nkhondo yachiwiri atsala owerengeka, poti nkhondoyo inatha mu 1945. Koma amene ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndi amene analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, ndi agogo tsopano ndipo tili nawo m'midzi ndi m'matauni. Bungwe lawo ndi VELOM, lomwe kale linkatchedwa CELOM, ndipo ndi limene limayendetsa zogulitsa mapopi. Mukhoza kudzipereka kugulitsa nawo kutchalitchi kwanu. Koma Novembala alendo amawachulukira. Kawaoneni mu Febuluwale, nthawi imene ufa watha ndipo denga likudontha.

Ndiye mwafunsa ngati akulandirani. Ena adzakulandirani, ena adzati zikomo tili bwino, ndipo amenewo muwasiye mwaulemu. Lamulungu likubwerali pemphani alembi a mpingo akutchulireni mabanja a asilikali amene ali mumpingo mwanu. Musapite onse asanu ndi mmodzi, mungaoneke ngati mwabwera kudzanena maliro. Pitani awiri, masana, osavala yunifomu ya Chigwirizano, ndipo mutumiziretu uthenga kuti mukubwera kudzangocheza. Mlamu wanga mpaka lero amati mtima wake unkadumpha akaona anthu oposa awiri akukhotera pakhomo pake atavala zofanana.