Makina anu oziziritsa m'nyumba akubanika, musathamangire kuthira gasi

Sabata yatha ndalandira imelo ya mayi wina, akuti anagula fyuluta ya MERV 13, yothina kwambiri yosefa fumbi m'makina oziziritsa ndi kutenthetsa m'nyumba, chifukwa mwana wawo amayetsemula usiku onse ndi fumbi, ndiye chiyikireni m'nyumba simukuzizira ngati kale, komanso pa return vent, pabowo lalikulu lija lokoka mpweya, pakumveka ngati munthu akuimba likhweru. Akufunsa ngati abwerere ku fyuluta yotchipa ija. Mayi, imelo yanu ndaiwerenga katatu chifukwa zimenezi zinandionekerapo ine.

Ine ndimadwala mphumu kuyambira ndili mwana, fumbi ndimaliopa zenizeni. Titangolowa m'nyumba yomwe tikukhalayi ndinakagula fyuluta yothina kwambiri yomwe ndinaipeza, yopyapyala ija ya inchi 1, mtima unakhala m'malo kuti basi tsopano ndizigona. Sabata yomweyo ndinakankhira kabati ya mabuku pakhoma la mukolido, kutseka return vent pafupifupi yonse, poti ndikaika dzanja sipamatuluka mphepo ndiye ndinkangoti bowo lopanda ntchito. Kutayamba kutentha makina ankalira tsiku lonse osapuma koma m'zipinda thukuta lokhalokha, usiku ndimadzuka pachifuwa pali thii, m'mawa wina ndinapeza madzi ali mbwee pansi pa makinawo.

Mmisiri woyamba sanayang'ane n'komwe fyuluta, anangoti gasi woziziritsa watha tithiremo wina. Ndinalipira, patatha masiku angapo zomwe zija. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo ndikunena mosabisa, mmisiri amene akufuna kuthira gasi asanayeze kayendedwe ka mpweya musamulole kugwira makina anu. Gasi ameneyu samatha ngati mafuta a galimoto ayi, amangozungulira m'mapayipi otseka, akachepa ndiye kuti penapake pakudontha ndipo pofunika kupapeza kaye.

Wachiwiri ndi amene ananditsegula maso. Anachotsa chivundikiro n'kundionetsa koyilo, timapayipi tozizira tomwe mpweya umadutsapo, yonse itakutidwa ndi ayisi, madzi aja anali ayisi ameneyu akusungunuka. Anati koyilo imafuna mpweya wofunda wa m'nyumba uzidutsapo wokwanira, pafupifupi ma cubic feet 400 pa mphindi pa tani iliyonse (muyeso wa mphamvu yoziziritsa) ya makina, ukachepa koyilo imazizira kupyola muyeso, chinyezi chimaundana, ayisi uja amatsekanso njira ndiye vuto limangokulirakulira. Anatulutsa kachipangizo kotchedwa manometer kuyeza static pressure, kutanthauza momwe fani akuvutikira kuyendetsa mpweya, makina ambiri a m'nyumba amapangidwira cha m'ma inchi 0.5 a madzi, anga anali atapyola patali. Tinasuntha kabati ija tonse awiri, nthawi yomweyo kulira kwa fani kunasintha ndikumva ndi makutu anga.

Apa m'pamene ndimakangana ndi anthu. Fyuluta ya m'makina amenewa ntchito yake yoyamba ndi kuteteza fani ndi koyilo ku fumbi, zoyeretsa mpweya wopuma ife zimabwera pambuyo. MERV ndi muyeso wa bungwe la akatswiri a makina amenewa lotchedwa ASHRAE, umayambira 1 kufika 16, nambala ikamakwera fyuluta imagwira tinthu tating'ono kwambiri, MERV 13 imagwirako ngakhale utsi. Palibe cholakwika pamenepo. Koma papaketi nthawi zambiri amakulemberani zomwe imagwira basi, zoti fani wanu avutika bwanji kukoka mpweya kudzera pansalu yothina chonchi sanena, ndipo zimandikwiyitsa chifukwa ogula ambiri ndi makolo a ana odwala ngati inuyo. Mpweya onse umene ukutuluka m'zipinda uyenera kubwerera kudzera pa return, ukapanda kubwerera palibenso chotuluka, nkhani yonse ndi imeneyi.

Ndiye pali zitseko. Nyumba zambiri zili ndi return imodzi yokha mukolido, mukatseka chitseko cha kuchipinda chomwe pansi pake palibe mpata, kapena kapeti yadzaza mpatawo, mpweya umalowa koma ulibe potulukira. Enanso amatseka ma vent otulutsa mpweya a zipinda zosagonamo anthu eti kupulumutsa magetsi, osatero chonde, mukungowonjezera mtolo pa mota. Nyengo yozizira n'chimodzimodzi koma mbali inayo, makina akamatenthetsa nyumba, heat exchanger, chitsulo chofunditsa mpweya, imatentha kwambiri, limit switch, swichi yoteteza makina, n'kuzimitsa moto, makina kumangoyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, ndipo chitsulo chimenechi chikang'ambika pamakhala ngozi ya mpweya wapoizoni wa carbon monoxide pa makina otenthetsa ndi moto wa gasi. Izi sizoseweretsa.

Ndiye muchite chiyani mayi

Yambani mwaona ngati sofa, katani kapena kabati sizikutchinga return, ndipo pukutani fumbi pa waya wake. Onani kamuvi ka m'mbali mwa fyuluta, kaziloza kumene kuli fani. Onaninso ngati simunaike mafyuluta awiri, ina pa return ina pamakina, zimachitika kwambiri. Kenako chotsani fyulutayo kwa mphindi zochepa chabe makina akuyenda, likhweru likasiya ndiye kuti yathina kwambiri pa makina anuwo, likapitirira mwina return yanu ndi yaing'ono ndipo pofunika mmisiri ayeze.

Ku yotchipa yoonekera kuseri ija musabwerere. Ikani MERV 8 kapena 11 ndipo muziiyang'ana mwezi uliwonse, ya inchi 1 isapyole miyezi 3. Ngati mukufunabe MERV 13, mmisiri akuikireni bokosi la fyuluta ya mainchi 4, mapinda ake ndi akuya ndiye mpweya umapeza malo ambiri odutsa. Kuchipinda kwa mwanayo ikani ka makina koyeretsa mpweya ka HEPA (fyuluta yogwira ngakhale tifumbi tating'onoting'ono) kapadera, kali ndi fani wakewake. Ine kanga kali pafupi ndi bedi, kamayaka usiku onse. Mukayesa mundilemberenso, ndikufuna ndimve ngati mwanayo wayamba kugona.