Tifunseni: kodi foni ingayeze liwiro la mawu?

Akonzi, ine ndimaphunzitsa physics pa CDSS ina kuno ku Mulanje chakufupi ndi Muloza, lab tilibe, stopwatch ilipo imodzi nayonso inafa kalekale. Ana anga amangoloweza zoti mawu amayenda mamita 340 pa sekondi koma sanayezepo. Ndamva zoti foni imatha kuyeza, ndi zoona kapena ndi zija za pa WhatsApp?
Mphunzitsi, Mulanje

Aphunzitsi, ndi zoona ndithu. Mufunika mafoni awiri, tepi yoyezera ndi app yotchedwa phyphox, anaipanga ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany, ndi yaulere ndipo mukaidawuniloda basi sifunanso bandulo. Mkatimo muli acoustic stopwatch, wotchi yomwe imayamba kuwerenga ikamva phokoso nkuima ikamvanso lina.

Tulukani nawo anawo ku ground, kutali ndi makoma chifukwa mawu akamenya khoma amabwerera nkusokoneza zonse, inu a kuphiri mukudziwa mmene chiphaliwali chimabwerezera uko. Ikani mafoni pansi motalikirana mamita 5. Mwana mmodzi aombe m'manja pafupi ndi foni yoyamba, mawotchi onse ayamba koma yakutaliyo iyamba mochedwerako pang'ono poti mawu amayenera ayende kaye kuti aipeze. Kenako wina aombe pafupi ndi yachiwiri, iyoyo iima msanga, yoyamba ija ichedwa. Ndiye apa mpamene pali nkhani yonse, foni yoyamba inayamba msanga nkuima mochedwa, kusiyana kwa nthawi ziwirizo ndi nthawi imene mawu ayendera mtunda uja kawiri, kupita ndi kubwera, mamita 10. Mukapeza kusiyana kwa 0.029 sekondi, gawani 10 ndi 0.029, mupeza cha m'ma 345. Chala cha munthu pa stopwatch sichingagwire kanthawi kochepa chonchi, nde musadandaule nayo yakufayo.

Chomwe chimavuta ndi phokoso la anawo. Wina akangoseka kapena tambala kulira wotchi yayamba kale. Kwezani threshold mu app muja, mlingo wa phokoso loyambitsa wotchi, mpaka foni isiye kumva zapambali, ndipo ine ndimakonda matabwa awiri kusiyana ndi manja, amalira kamodzi mwamphamvu phaa! Mphepo ikamaomba kwambiri dikirani tsiku lina. Bwerezani kangapo, gulu lililonse lilembe zake pa bolodi mutenge avereji.

Musawauziretu kuti ansala ndi 340, ayamba kuphika manambala. Liwiroli limasintha ndi kutentha kwa mpweya, pa 0°C ndi 331, pa 20°C ndi 343, limakwera pafupifupi 0.6 pa digiri iliyonse, ndiye m'mawa wa chiperoni mu July ndi masana a October si zofanana ayi. Za mafoni, poti masukulu ambiri salola ana kubwera nawo, bwerekani ya anzanu mu staff room, koma onani kaye kuti maikolofoni yake ikumva bwino.