Kodi AI ndi blockchain zingagwire wakuba wa pafoni?

"Ndili ndi golosale ku Lunzu. Mwezi watha mnyamata wina anatenga mabelo awiri a shuga, n'kundionetsa meseji pafoni yake yoti wanditumizira ndalama. Makasitomala anali atachuluka, ndinangomulola kupita. Madzulo powerengera, ndalamayo kunalibe. Mwana wa achimwene anga akuti masiku ano kuli AI ndi blockchain zogwira akuba, ndipo wandipezera gulu la pa WhatsApp loti ndiikeko K200,000, makina awo aziiteteza n'kumaichulukitsa. Ndilowe?" Mayi wa ku Lunzu

Pepani mayi ndi shuga wanuyo. Koma gululo musalowe, mungalire kawiri.

Mwanayo sananame zonse. AI, kompyuta yophunzira kuzindikira zinthu kuchokera pa zimene yaona kale, ilipodi, ndipo mabanki akuluakulu ndi makampani a makadi monga Visa ndi Mastercard akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Kagwiridwe kake n'kofanana ndi kanu pakauntala. Agogo amene amagula mchere ndi sopo tsiku lililonse akabwera kudzatenga makatoni khumi a mafuta pangongole, mtima umakugundani. Kompyuta nayo imaphunzira chizolowezi cha akaunti iliyonse: amatumiza zingati, nthawi yanji, ali kuti, pafoni iti. Ndiye simu ikalowa m'foni yachilendo, 2 koloko usiku n'kukokolola ndalama zonse kupita ku nambala yotsegulidwa dzulo, imene yalandiranso kwa anthu makumi angapo osadziwana, makinawo amatha kuimitsa ndalamazo kapena kuchenjeza ogwira ntchito nthawi yomweyo. Amalakwitsanso, inde. Mlimi wogulitsa fodya ku Kanengo, amene akaunti yake imagona miyezi khumi kenako n'kulandira mamiliyoni, amaoneka ngati wakuba pamaso pa kompyuta yosadziwa nyengo zathu.

Tsono taonani nkhani yanu. Palibe ndalama imene inayenda. Mnyamatayo anangolemba meseji, kapena kusintha yakale, n'kukuonetsani. Makinawo analibe choti aone. N'chimodzimodzi ndi aja amatumiza uthenga woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena oimba kuti atumiza molakwitsa muwabwezere. Mukalemba PIN ndi chala chanu, pafoni yanu, masana, kompyuta imaona kuti mwini wake wavomera.

Blockchain ndi nkhani ina: ndi kaundula wa pakompyuta amene makope ake amasungidwa ndi anthu ambiri. Ganizirani banki m'khonde imene membala aliyense ali ndi kope lake la zosonkha ndi ngongole, ndipo tsamba lililonse lili ndi chidindo chochokera ku tsamba lapitalo. Msungichuma akang'amba tsamba m'kope lake, makope enawo amamutsutsa. Mukukumbukira Cashgate ya 2013? Ndalama za boma zinkalipidwa kwa makampani osagwira ntchito iliyonse, kenako zolembazo n'kufufutidwa mu IFMIS, makompyuta olembamo ndalama za boma. Kufufuta kotereku n'kumene blockchain imalimbana nako. Ku America zinaonekera bwino: ma bitcoin (ndalama za pa intaneti zolembedwa pa blockchain) pafupifupi 120,000 amene anabedwa mu 2016 ku Bitfinex, kampani yogulitsirapo ndalamazi, anatsatiridwa mapazi m'kaundulayo, mpaka mu 2022 boma la America linalanda gawo lalikulu, la ndalama zokwana madola 3.6 biliyoni. Zaka zisanu n'kanthu, ofufuza a boma lolemera ali pantchito. Si za mabelo awiri a shuga izi.

Komanso kaundulayu samasankha. Bodza likalembedwamo, amalisunga mokhulupirika ngati choonadi. Ndipo ndalama za Airtel Money ndi Mpamba zimalembedwa m'makompyuta a makampaniwo, osati pa blockchain.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi gulu la pa WhatsApp lija. Akathyali amakonda mawu awiriwa, AI ndi blockchain, chifukwa anthu timachita manyazi kufunsa tanthauzo lake. Ku South Africa kunali Mirror Trading International, imene inkati ili ndi kompyuta yanzeru yochulukitsa bitcoin. Inagwa mu 2020, anthu masauzande ambiri m'mayiko osiyanasiyana atataya ndalama, ndipo mkulu wake Johann Steynberg anakagwidwa ku Brazil mu 2021. Kuno kwathu, Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama zamtunduwu si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Makina ogwira akuba amagulidwa ndi banki kuti ateteze makasitomala. Sapempha kasitomala kuti asonkhe, ndipo sabereka chiwongoladzanja. Afunseni a gululo chiphaso chawo cha ku Reserve Bank, muone ngati sakuchotsani pagulupo.

Pagolosalepo, katundu asatuluke musanaone balansi pafoni yanu, ngakhale mzere utafika pamsewu. Meseji ya pafoni ya kasitomala si lisiti. Wothandizira wanu muuzeni zomwezo, chifukwa akubawa amadikira inu mutapita kukaoda ku Limbe. Ngati nambala ya mnyamatayo munaiona, kaipereke kupolisi ndi ku kampani ya foni, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Shuga mwina sabwerera, koma madandaulo otere ndiwo amaphunzitsa makina aja nambala zoyenera kuzilondalonda.

K200,000 ija kaodereni shuga wina.